Ngalawa Zitatu ndi Funde Lalikulu

 

Lero choko chipume pang'ono. Tiyamba ndi chithunzi, pakuti chithunzi nachonso chimawerengedwa monga kalata. Wochiyang'ana mothamanga amaona chinthu chimodzi n'kupita. Wochiwerenga modekha amapezamo anthu, ntchito yawo ndi mavuto awo.

Chithunzi chimene chili patsogolo pathuchi chinapangidwa kutali, m'dziko la Japan, cha m'chaka cha 1831. Anachijambula ndi bambo wina wachikulire, dzina lake Katsushika Hokusai. M'maiko ambiri amachitcha Funde Lalikulu, ndipo anthu amachidziwa chifukwa cha fundelo. Ife lero tiyang'ane pansi pa fundelo. Pamenepo pali ngalawa zitatu, ndipo m'ngalawamo muli anthu amene ali pantchito. Nkhani yathu ndi ya anthu amenewa, ngalawa zawo, ndi mmene pepala lawasungira kufikira lero.

Dziko la Japan

Japan ndi dziko la zilumba, kum'mawa kwenikweni kwa Asia. Zilumba zazikulu zilipo zinayi, zazing'ono ndi zambirimbiri. Pakati pa dzikolo pali mapiri, choncho anthu ambiri amakhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Chakudya chawo chachikulu ndi mpunga, ndiwo yake nsomba.

Phiri lalitali kuposa onse kumeneko ndi Fuji. Kutalika kwake ndi mamita 3,776. Kuti timve bwino, phiri la Binga, limene ndi lalitali kuposa onse m'dziko lathu lino, ndi mamita 2,436. Pamwamba pa Fuji pamazizira kwambiri, kotero kuti miyezi yambiri pamakhala chipale choyera ngati ufa.

Mzinda waukulu wa nthawi ya Hokusai unali Edo. Munali anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mzinda womwewo ndi umene unasinthidwa dzina m'chaka cha 1868 n'kukhala Tokyo.

Masiku amenewo dziko la Japan linali lotseka zitseko zake. Apwitikizi, amene zombo zawo zinkaima pa Ilha de Moçambique popita ku India ndi kutsogolo, anafika ku Japan m'chaka cha 1543, koma anathamangitsidwako m'chaka cha 1639. Olamulira analetsanso anthu awo kupita kumaiko akunja. Amalonda a ku Holland ndi a ku China ndi amene ankaloledwa kufika padoko la Nagasaki. Chifukwa cha ichi, ngalawa za anthu a ku Japan zinali zoyenda m'mbali mwa gombe ndi m'mitsinje.

Tsono taganizani. Mzinda wa anthu miliyoni umafuna kudya tsiku ndi tsiku. Njanji kunalibe. Galimoto kunalibe. Mpunga, mchere, makala, matabwa ndi nsomba, zambiri zinkalowa mu Edo poyenda pamadzi. Ngalawa zikanaima, mzinda ukanagona ndi njala.

Hokusai anali yani?

Hokusai anabadwira mu Edo m'chaka cha 1760, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Sumida. Ali mnyamata anagwira ntchito m'sitolo yobwereketsa mabuku. Kenaka anaphunzira kusema matabwa osindikizira. Ali ndi zaka pafupifupi 18 analowa m'nyumba ya mmisiri wojambula wotchedwa Katsukawa Shunsho kuti aphunzire luso limeneli. Kuyambira pamenepo anajambula kwa zaka 70, kufikira imfa yake m'chaka cha 1849.

Sanali munthu wolemera. Atayandikira zaka 70 mavuto anamuunjikira. Anadwala matenda ofooketsa ziwalo, mkazi wake anamwalira m'chaka cha 1828, ndipo mdzukulu wake anamugwetsera m'ngongole. Mwana wake wamkazi, dzina lake Oi, amene nayenso anali wojambula waluso, ndiye ankakhala naye ndi kugwira naye ntchito.

Pa nthawi yovuta imeneyo ndi pamene Hokusai anayamba ntchito imene inamutchukitsa. Anajambula phiri la Fuji monga limaonekera kuchokera kumalo osiyanasiyana: kumunda, kumsewu, kumtsinje ndi kunyanja. Poyamba zithunzizo zinali 36. Anthu atazikonda anawonjezera zina 10, zonse pamodzi 46. Funde Lalikulu ndi chimodzi mwa zimenezi.

M'chaka cha 1834 iye analemba kuti zimene anajambula asanakwane zaka 70 sankaziwerengera kwenikweni, ndi kuti ankayembekeza kupitiriza kuphunzira ngakhale atapyola zaka 100. Mawu amenewa ndikuwapereka kwa aja amene amati, "Ine ndakalamba, pensulo sindingaigwire." Chithunzi chimene tikuonachi ndi ntchito ya dzanja la munthu wa zaka 70.

Tiyeni tichiwerenge

Ife timalemba kuchokera kumanzere kupita kumanja. Anthu a ku Japan a nthawi imeneyo ankalemba kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo mizere inkayambira kumanja kupita kumanzere. Tiyeni nafenso tiyambire kumanja, monga iwo.

Tikayambira kumanja, choyamba kuona ndi ngalawa. Ndi yayitali, yopyapyala, yosongoka kutsogolo. Ikutsetsereka m'chigwa cha madzi. Diso lathu likamayenda nayo kupita kumanzere, likukumana ndi funde. Fundelo laima ngati khoma, lapindika pamwamba, ndipo thovu lake latambasuka ngati zikhadabo za kabawi. Wowerenga chotere amakhala ngati ali m'ngalawamo, fundelo likubwera pamaso pake.

Ngalawa zilipo zitatu. Ina ili pafupi ndi ife, ina ili chapakati, yachitatu ili pansi penipeni pa funde, mbali yake yabisika ndi madzi.

Tsopano tiwerenge anthu. M'ngalawa iliyonse muli opalasa 8, akhala chakumbuyo m'mizere iwiri. Kutsogolo kuli anthu ena awiri. Ngalawa imodzi, anthu 10. Ngalawa zitatu, anthu 30, ngakhale kuti ena abisika ndi mafunde. Avala zovala zabuluu. Onse awerama, mitu pansi, nkhafi azigwiritsa. Palibe amene waimirira. Palibe amene wataya nkhafi n'kukweza manja kumwamba. Onse achita chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo ngalawa zaloza mphuno zake kufunde.

Abambo amene munakumanapo ndi mwera pakati pa nyanja mukudziwa chifukwa chake. Bwato likapereka nthiti kufunde limagubuduzika. Munthu mmodzi akadzidzimuka n'kuimirira, amamiza anzake onse. Anthu amene Hokusai anajambulawa akuidziwa ntchito yawo.

Patali, chapakati pa chithunzi, pali kaphiri kakang'ono koyera pamwamba. Ameneyo ndiye Fuji. Phiri la mamita 3,776 laoneka laling'ono kuposa funde, chifukwa lili kutali ndipo wojambula watiika pansi, pamadzi, pamodzi ndi opalasa. Kwa munthu amene ali m'ngalawa nthawi imeneyo, funde ndilo lalikulu kuposa zonse.

Kumwamba chakumanzere kuli zilembo. Zimene zili m'kabokosi zikutchula dzina la zithunzi zonse zija za phiri la Fuji, ndiponso malo: panyanja, kufupi ndi Kanagawa. Kanagawa anali malo a pagombe, kumwera kwa Edo. Lero ndi mbali ya mzinda wa Yokohama. Zilembo za pambali pa kabokosiko ndi dzina la wojambula. Onani tsono ntchito ya zilembo. Popanda izo tikanangoti ndi nyanja ina yake. Chifukwa cha izo tikudziwa malo ake ndi mwini ntchito.

Ngalawa za nsomba zaziwisi

Ngalawa zimenezi zinali ndi dzina. Ankazitcha oshiokuri. Dzinali likuchokera ku mawu awiri, kukankha ndi kutumiza, chifukwa zinkayenda ndi mphamvu ya anthu okankha nkhafi. Kutalika kwake kunali mamita 12 mpaka 15. Poyerekeza ndi ngalawazo, anthu ophunzira anapeza kuti funde la pachithunzipa lingakhale la mamita 10 kapena 12.

Ntchito ya ngalawazi inali kunyamula nsomba zaziwisi. Asodzi a m'midzi ya ku Izu ndi ku Boso akagwira nsomba, oshiokuri inkazitenga n'kuthamanga nazo kumsika waukulu wa Nihonbashi, pakati pa Edo. Inali ndi matanga othandiza mphepo ikakhala yabwino. Koma mphepo ikaleka kapena ikatembenuka, ngalawa yonyamula nsomba siingadikire. Opalasa ankagwira nkhafi.

Nkhafi zawo zinali zosiyana ndi zathu. Ife timagwira nkhafi m'manja, timaviika m'madzi n'kuitulutsa. Yawo inali yayitali, yokhazikika pa kachikhomo m'mbali mwa ngalawa. Wopalasa ankaikankha ndi kuikoka, nsonga yake ili m'madzi nthawi zonse, ikupita uku ndi uku ngati mchira wa nsomba.

Chifukwa chiyani ankathamanga chotere? Yankho mukulidziwa, amayi amene mumagulitsa nsomba. Makina oziziritsa kunalibe. Nsomba ikafika msanga ili ndi mtengo. Ikachedwa yavunda, ndipo thukuta la msodzi, la wopalasa ndi la wogulitsa lapita pachabe. Anthu a mu Edo ankakonda kwambiri nsomba yotchedwa katsuo, makamaka yoyamba kugwidwa pa nyengo yake, ndipo olemera ankalipira ndalama zambiri kuti ayambe ndiwo kuilawa.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya chithunzichi. Anthu 30 awa sanapite panyanja kukasewera. Kumbuyo kwawo kuli mabanja ofuna kudya. Kutsogolo kwawo kuli msika umene sudikira munthu. Pakati pali funde. Wodya nsomba mumzinda sankawaona. Hokusai anawaika papepala kuti aoneke.

Mmene chithunzi chinapangidwira

Chithunzichi sichinapakidwe kamodzi kokha ndi burashi. Chinadindidwa, monga mmene amadindira chidindo pakalata ya ku boma. Ntchitoyo inkafuna anthu anayi.

Woyamba ndi wofalitsa, mwini ndalama ndi sitolo. Wa zithunzi za phiri la Fuji anali Nishimuraya Yohachi. Iye ndiye ankalemba ntchito amisiri ndi kugulitsa zithunzi.

Wachiwiri ndi wojambula. Hokusai ankajambula ndi inki papepala lopyapyala kwambiri.

Wachitatu ndi wosema. Iye ankamata pepalalo chafufumimba pathabwa losalala la mtengo wolimba umene iwo amautcha yamazakura. Kenaka ankasema ndi mpeni ndi tchizulo, kuchotsa mtengo paliponse pamene palibe mzere. Mizere yokha inkatsala itatukuka. Pepala la wojambula linkathera pomwepo. Pathabwapo zonse zinkakhala chotembenuza: za kumanja zili kumanzere, za kumanzere zili kumanja, ngakhale zilembo zomwe. Mpeni ukaterereka pang'ono, nkhope ya wopalasa yachoka.

Thabwa loyamba linali la mizere. Mtundu uliwonse wa utoto unkafuna kusemeredwa pakepake. Kuti mitunduyo igwere pamalo ake, wosema ankadula tizizindikiro tiwiri m'mphepete mwa thabwa lililonse, totchedwa kento, pokhazika ngodya ndi mbali ya pepala.

Wachinayi ndi wodinda. Iye ankapaka utoto pathabwa, wosakaniza ndi phala la mpunga, n'kuikapo pepala lonyowa pang'ono. Pepalalo linali lopangidwa ndi khungwa la mtengo wotchedwa kozo. Makina osindikizira panalibe. Ankakhuta kumsana kwa pepala ndi kachipangizo kozungulira kokwana m'dzanja, kokutidwa ndi khoko la nsungwi, kotchedwa baren. Pepala limodzi linkayenda pathabwa ili, kenaka ilo, kufikira mitundu yonse itakwana.

Utoto wabuluu wa pafundepo uli ndi mbiri yake. Unapangidwa koyamba mumzinda wa Berlin, ku Ulaya, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo unkalowa m'Japan ndi zombo zofika ku Nagasaki. Unali wowala ndi wosasuluka msanga kusiyana ndi utoto wabuluu wochokera ku maluwa umene ankadindira kale. Anthu a mu Edo anaukonda chifukwa unali wachilendo.

Papepalapo pali dzina la Hokusai. Dzina la wosema ndi la wodinda palibepo. Koma akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Monga ngalawa ija inkafuna opalasa 8, chithunzi chake chinafuna manja a anthu ambiri.

Ubwino wa kudinda ndi uwu. Chithunzi chopakidwa ndi burashi chimakhala chimodzi, ndipo amachisunga ndi wolemera m'nyumba mwake. Thabwa losemedwa limabala mazanamazana. Funde Lalikulu linadindidwa kokwana zikwi zingapo, kufikira matabwa anayamba kuperepeseka. Kukula kwa pepala lake ndi pafupifupi masentimita 25 m'litali ndi 37 m'mimba, ndipo mtengo wake unali wonga wa mbale ziwiri za chakudya chotsika mtengo chotchedwa soba. Mmisiri wamba ankatha kugula. Ngakhale wopalasa ngalawa akanatha kugula n'kudziona yekha.

Mzinda wa Edo unali wa nyumba zamatabwa, ndipo moto unkabuka kawirikawiri. M'chaka cha 1839 moto unatentha nyumba ya Hokusai mwini wake, n'kuwononga zojambula zake zambiri zimene anasunga. Koma Funde Lalikulu silinapse, chifukwa linali litabalalika kale m'manja mwa anthu ambiri. Mwa zikwi zija, zoposa 100 zikudziwika kuti zilipo mpaka lero. Kabuku kamene muli nako m'manjaka kakutsata nzeru yomweyo. Chimene chadindidwa kambiri sichifa msanga.

Ngalawa zina zimene anajambula

Hokusai sanajambule ngalawa za mtundu umodzi wokha. Pa zithunzi 46 zija, zambiri zili ndi madzi ndi anthu ogwira ntchito pamadzi.

Pa chithunzi cha ku Ushibori pali ngalawa yaikulu yaima m'bango, ili ndi denga la mphasa. Munthu wawerama m'mbali mwake, akutaya madzi otsukira mpunga. Akakowa awiri adzidzimuka, akuuluka. Apa tikuphunzira kuti ngalawa inalinso nyumba. Anthu ankaphikamo ndi kugonamo.

Pa chithunzi cha njira ya panyanja ya ku Kazusa pali zombo ziwiri zonyamula katundu, chilichonse ndi thanga lalikulu la ngodya zinayi. Zimenezi ndi zija zinkadyetsa mzinda.

Pa chithunzi cha dooko la Onmaya, pamtsinje wa Sumida, pali ngalawa yowolotsa anthu dzuwa likulowa. Anthu a ntchito zosiyanasiyana akhala mothinana, wowolotsa watipatsa msana, ndipo patali pakuoneka mlatho wa Ryogoku.

Pa chithunzi cha ku Kajikazawa palibe ngalawa, koma pali msodzi. Waima pansonga ya thanthwe, pansi pake madzi akuwinduka, ndipo akukoka zingwe za ukonde. Pambali pake pakhala mwana, akusunga dengu. Umu ndi mmene luso limayendera, kuchoka kwa wamkulu kupita kwa mwana wokhala naye pafupi.

Cha m'chaka cha 1833 anatulutsanso zithunzi zina 10 za usodzi wokhawokha, zotchedwa Chie no umi. Pa china, ngalawa zambiri zazing'ono zazinga namgumi kufupi ndi zilumba za Goto. Pa china, ngalawa ziwiri zikulimbana ndi mafunde ku Choshi. Pa china, anthu akugwira nsomba usiku mumtsinje ndi miuni ya moto. Amene mumawedza usipa ndi nyali mukudziwa kuti kuwala kuli ndi ntchito pa usodzi wa usiku.

Tikaika zithunzi zonsezi pamodzi, tili ndi kaundula wa ntchito za pamadzi za nthawi imeneyo: maonekedwe a ngalawa, kaimidwe ka wopalasa, zovala, matanga, maukonde ndi madengu.

Ngalawazo zinapita kuti?

Hokusai atamwalira zinthu zinasintha msanga. M'chaka cha 1853 zombo zankhondo za ku America, zina zoyendera nthunzi, zinafika pakhomo pa nyanja ya Edo, ndipo Japan anakakamizidwa kutsegula madoko ake. M'chaka cha 1872 njanji yoyamba inatsegulidwa pakati pa Tokyo ndi Yokohama, yodutsa pa Kanagawa pomwe. Pang'ono ndi pang'ono nthunzi ndi injini zinalanda ntchito ya nkhafi, ndipo oshiokuri inaleka kunyamula nsomba. Msika wa nsomba wa Nihonbashi unawonongeka ndi chivomezi cha m'chaka cha 1923. Msika watsopano unatsegulidwa ku Tsukiji m'chaka cha 1935, ndipo m'chaka cha 2018 unasamukiranso ku Toyosu.

Ngalawa zinatha, msika unasamuka, opalasa anamwalira. Pepala linatsala. Lero zithunzi zimenezi zikusungidwa m'nyumba zosungiramo zakale ku Tokyo, ku London, ku New York ndi kwina. Saziika poyera nthawi yaitali, chifukwa kuwala kumasulutsa utoto. M'chaka cha 2023 chimodzi chinagulitsidwa ku New York pa madola oposa mamiliyoni awiri ndi theka. M'chaka cha 2024 dziko la Japan linaika Funde Lalikulu kumsana kwa ndalama yapepala ya 1,000 yen. Onyamula nsomba aja tsopano akuyenda m'matumba mwa anthu a dziko lonselo.

Chimene chithunzi sichingasunge

Koma tisanyengedwe, anzanga. Chithunzi chili ndi malire ake. Chimationetsa maonekedwe a ngalawa, koma sichitiuza kuchindikala kwa thabwa. Sichitiuza mtengo umene unadulidwa, kapena mmene matabwa analumikizidwira kuti madzi asalowe. Munthu sangapange ngalawa poyang'ana chithunzi chokha.

Amisiri a ngalawa a ku Japan anali ndi njira yawoyawo. Ankakonda mtengo wotchedwa sugi. Ankalumikiza matabwa m'mphepete ndi misomali yachitsulo yaphanthiphanthi. Asanakhome, ankayendetsa sowo pakati pa matabwa awiriwo kangapo kufikira atagwirana osasiya mpata. Nzeru zimenezi zinkakhala m'mutu ndi m'manja. Mmisiri sankalongosola zambiri. Wophunzira ankakhala zaka akuyang'ana. Amisiri ena ankajambula miyeso pathabwa, koma mwadala ankasiyako ina kuti anzawo asawabere luso.

Njira imeneyi inkayenda bwino pamene ophunzira analipo. Koma cha m'ma 1970 asodzi anayamba kugula maboti opangidwa kufakitale, osati amatabwa. Achinyamata anapita kumizinda. Amisiri ambiri anakalamba opanda wophunzira ndi mmodzi yemwe. Mmisiri wina wa ku America, Douglas Brooks, anaona zimenezi. Kuyambira m'chaka cha 1996 anakhala wophunzira wa amisiri okalamba angapo a ku Japan, mmodzi ndi mmodzi. Ankapanga nawo ngalawa, akuyeza, akujambula ndi kulemba zonse, ndipo m'chaka cha 2015 anatulutsa buku lofotokoza ntchitoyo. Chimene chinalembedwa chinapulumuka. Chimene sichinalembedwe chinapita kumanda ndi eni ake.

Choncho zinthu ziwirizi zimafunana. Chithunzi chimasunga maonekedwe. Zilembo ndi manambala zimasunga maina ndi miyeso.

Ntchito yathu

Makolo anga, pakati panu pali anthu odziwa kusankha mtengo wa bwato, odziwa kusema ndi kasemasema osaboola, odziwa kuluka mono ndi kusoka ukonde, odziwa mphepo poyang'ana mitambo. Nzeru zimenezi ndi zazikulu, ndipo inu ndinu aphunzitsi ake. Koma mitengo ikuluikulu ikuchepa, ndipo ana ambiri sakhalanso pambali pa wosema monga mwana uja wa ku Kajikazawa. Zimene zinachitikira amisiri a ku Japan zikhoza kuchitikanso pagombe lililonse.

 Hokusai anajambula ntchito imene ankaiona pamtsinje wa kwawo ndi pagombe la kwawo. Nafenso tiyambe ndi zimene zili pakhomo. Sabata ino aliyense achite zinthu zitatu.

Choyamba, jambulani m'kope mwanu bwato limene mumalidziwa. Amene muli kutali ndi madzi jambulani chida china cha ntchito yanu, kaya ndi mono, mtondo kapena nkhokwe. Musaope kuti dzanja likunjenjemera.

Chachiwiri, lembani dzina la chiwalo chilichonse pambali pake, monga mmene mumachitchulira kwanu kuno. Lembaninso dzina la mtengo umene anasemera.

Chachitatu, yezani. Ngati mulibe tepi, yezani ndi mapazi kapena ndi mikono, ndipo lembani nambala yake. Pansi pake lembani dzina la mudzi, chaka, ndi dzina la mmisiri amene anapanga. Dzina la mmisiri lisasowe monga linasowera la wosema matabwa a Hokusai.

Tikadzakumananso tidzaika makope onse pamodzi, ndipo aliyense adzawerengera anzake zimene walemba.

Tisanabalalike, tiyeni tikambirane mafunso awa.

1. Kodi m'ngalawa iliyonse ya pachithunzi muli anthu angati? Nanga m'ngalawa zonse zitatu?

2. Chifukwa chiyani ngalawa za oshiokuri zinkathamanga ngakhale nyanja itawinduka?

3. Tchulani anthu anayi amene ankagwira ntchito kuti chithunzi chidindidwe.

4. Chifukwa chiyani Funde Lalikulu silinatayike pamene nyumba ya Hokusai inapsa m'chaka cha 1839?

5. Ndi nzeru iti ya m'mudzi mwanu imene ili m'mutu mwa munthu mmodzi kapena awiri okha? Ndani adzailemba?

 Tsegulani makope, tengani mapensulo, tiyambe ndi mawu akuti bwato.